Madontho Ofiira M'bokosi la Mawaya

Pa fakitale ya makapu ndi mbale zadothi ija, ng'anjo yaikulu inali ndi eni ake awiri, ngakhale kuti mapepala a kampani sankanena choncho. Woyamba anali a Phulusa, osamala moto. Dzinali anawapatsa anzawo kalekale chifukwa nsidze zawo zinkakhala zotuwa tsiku lililonse, ndipo pano imvi zinali zitangolivomereza. Wachiwiri anali a Mawaya, mmisiri wa zoyezera kutentha, munthu amene m'thumba la malaya ake simunkasowa tizidutswa ta waya. Kwa zaka makumi atatu awiriwa anagwira ntchito moyandikana, wina akusuzumira mtundu wa moto pa kachibowo, wina akuyang'anira cholembera cha makina akale chikukoka mzere pa pepala. Ankakangana pa za mpira, pa za nyengo, pa za amene wamwa tiyi wa mnzake, koma pa za kutentha kwa ng'anjo sanasiyanepo mawu.

Kenako a Mawaya manja anayamba kuwanjenjemera. Mtovu wowotcherera unkadonthera pamene sanaufune, ndipo munthu wonyadira ntchito yake sadikira kuti achite kumuuza. Anapuma. Mpando wawo unapita kwa mwana wawo wamkazi, amene anali atangochoka kusukulu ya ukachenjede ndi satifiketi yoti ukaiona umayamba wakhosomola. Pafakitale onse ankangomutcha Injiniya.

Injiniya sanali munthu woipa ayi. Anali wakhama, wamutu, koma anali ndi kamatenda ka ophunzira kumene, koona chilichonse chakale ngati chikungodikira tsiku lotayidwa. Sabata yake yoyamba, bambo ake anamupempha kuti apite naye akamuonetse mabokosi a mawaya limodzilimodzi. Iye anayankha maso ali pa foni.

"Musadzivute, bambo. Zonse zili pa pulani."

"Chabwino, a Injiniya," anatero bambowo, n'kubwerera pampando wawo wa pakhonde. Kuyambira pamenepo, awiriwa akakumana ankakamba za madzi a pampopi, za denga lodontha, za mawondo, koma za ng'anjo ayi.

M'miyezi ya mvula kampani inagula makina atsopano. Aja a cholembera ndi pepala anawanyamula anthu anayi kukawaponya kuchipinda cha zakutha, ndipo m'malo mwake munabwera kabokosi kotuwa kolumikizidwa ku kompyuta. Ndodo khumi ndi ziwiri zoyezera kutentha, zolowa m'khoma la ng'anjo, zinatsala zomwe zija. Ndodo iliyonse imakhala ndi mawaya awiri a zitsulo zosiyana olumikizidwa kunsonga, ndipo nsongayo ikatentha imatulutsa kamphamvu ka magetsi koti ngakhale nyerere singakamve. Makina amawerenga kamphamvuko n'kunena madigiri.

Atatsegula bokosi lachitsulo la pakhoma, momwe mawaya onsewa ankakumana, Injiniya anakwinya nkhope. Pa waya aliyense panali karezisita, kanthu konga njere ya mpunga yonenepa kokhala ndi miyendo iwiri, mwendo wina pa waya wa ndodo, wina pa chitsulo chopita pansi. Tonse tinali makumi awiri ndi tinayi, ndipo kalikonse kanali ndi banga lakuda pamsana. Anafufuza pa pulani, sitinalipo. Anati mumtima, "Tinapsa kale iti, ndi zigamba za akuluakulu." Anatenga pulayala n'kuyamba kudula. Sanatitaye, poti mwana wa a Mawaya sataya kanthu kachitsulo. Anatiponya m'kachitini kakale ka tiyi n'kukaika pawindo. Bokosilo linaoneka laudongo moti analijambula pa foni.

Mvula ili mkati zonse zinkayenda bwino. Mzere wa kutentha unkakwera pa sikirini mwaulemu, ndipo a Manijala, bwana wa tayi amene anabwera chaka chomwecho, ankabweretsa alendo kudzauona. Koma mvula itasiya, kunja kutauma mpaka milomo kuchita ming'alu, mzere uja unayamba kuvina. Unkakwera wokha madigiri makumi asanu, n'kutsika, n'kuchita mano ngati a sowo, makamaka fani yaikulu ya padenga ikayaka.

A Phulusa sanadzivute nazo. Ankangoika diso pa kachibowo, n'kupotokola gasi pang'ono, ndipo makapu ankatuluka olira bwino ukawagogoda. Vuto linali loti ogula akuluakulu ankafuna pepala la mzerewo pa katundu aliyense, ndipo pepala la mzere wovina silikhulupirika. A Manijala analamula kuti kachibowo katsekedwe, moto uzitsatira sikirini basi. A Phulusa anamvera. Nambala ikatsika ankawonjezera gasi, ikakwera ankachepetsa, tsiku lonse akuthamangitsana ndi chinthu chomwe kunalibe. Atatsegula ng'anjo, makapu mazanamazana anali atapindika milomo, ena atamatirira pa mashelefu.

Msonkhano unachitika Lolemba m'mawa, muofesi ya mpweya wozizira.

"Moto wanga sunasinthe, bwana," anatero a Phulusa, chipewa chili m'manja. "Chikuvina ndi kompyuta."

A Manijala anatembenukira kwa Injiniya.

"Makina ndi atsopano," anayankha iye. "Sanama."

Ananena zimenezi maso ali pa tebulo.

"Mwamva nokha," anatero a Manijala. "Maso amakalamba, a Phulusa. Tsobola wakale sawawa." Anawapatsa kalata ya chenjezo lomaliza. Lachisanu ng'anjo idzayakanso, ndipo mzere ukadzavina, adzasiya makiyi pa geti.

A Phulusa anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume mwaulemu, anthu akuwaombera m'manja, monga anapumira mnzawo uja. Anapinda kalatayo kanayi n'kuiika m'chipewa. Podutsa pafupi ndi Injiniya sananene mawu oipa. Anangoti, "Mupereke moni kwa bambo," ndipo moni ameneyu anamulemera Injiniya kuposa chipongwe.

Lachiwiri anachita chinthu chomwe akanayenera kuchita kalekale. Anayatsa makina ng'anjo ili yozizira, yopanda ndi lawi lomwe. Mzere unavina. Unati madigiri makumi atatu, unati makumi asanu ndi atatu, unati khumi, pomwe mphaka wa pafakitale anali atagona m'kamwa mwa ng'anjoyo. Apa Injiniya anazindikira zoona. Wonama sanali a Phulusa, ndipo amene anawapachika anali iyeyo, ndi mawu amodzi okha. Tsiku lonselo anasintha mawaya, anawasunthira kutali ndi mota ya fani, anamangitsa masikuluwu onse. Phokoso, monga amalitchulira amisiri ngakhale silimveka ndi khutu, linali pomwepo.

Lachitatu chakumasana, atatopa, anatsamiza mkono pa chitseko chachitsulo cha bokosi lija, ndipo chala chake chinagunda sikuluwu ya ndodo yachitatu. Pa sikirini, mzere wa ndodo yachitatu unagona phee. Anachotsa chala, unayamba kusochera. Anabwezeranso, unagona. Anachita zimenezi kasanu ngati mwana woseweretsa siwichi. Thupi lake linali likupereka njira kuchokera pa waya kupita pansi. Pang'onopang'ono maso ake anapita pawindo, pomwe panali kachitini ka tiyi kaja.

Atafika kunyumba anapeza bambo ake pakhonde, akusankha masikuluwu m'botolo, aatali kwaokha, aafupi kwaokha. Pa tebulo panali wailesi yotsegula kumbuyo, yomwe anaiyamba chaka chatha n'kulephera kuimaliza. M'nyumba, kudzera pakhomo, ankaona makina osokera a malemu mayi ake atafunditsidwa nsalu yomwe ija ya maluwa.

"Lachitatu masana?" anatero a Mawaya. "Akuchotsani ntchito kodi, a Injiniya?"

"Ayi, bambo. Akufuna kuchotsa a Phulusa."

Bambowo anasiya masikuluwu. Injiniya anafotokoza zonse, za mzere, za makapu, za kalata, ngakhale mawu ake aja a muofesi sanawabise. A Mawaya anamvetsera atatsinzina.

"Ukagwira ndi chala umagona?"

"Umagona."

"Nanga akazi anzawo a mayi ako ali bwanji m'bokosimo?"

Nkhani imeneyo Injiniya ankaidziwa kuyambira ali wamng'ono, chifukwa panalibe tsiku lobwera alendo lomwe sinkakambidwa. Mayi ake anali ndi kabotolo ka penti wofiira wa zikhadabo, wopaka masiku a maukwati okha. Koma pentiyo ankatha, maukwati kulibe. Anasunga nkhaniyo mumtima miyezi iwiri, mpaka tsiku lina anapeza kabotoloko m'thumba la ovolosi ya amuna awo. M'nyumba munagwa chimkangano choti oyandikana nawo anazimitsa mawailesi kuti amve bwino. A Mawaya sanadziteteze. Anakweza akazi awo panjinga, ulendo wa kufakitale, n'kuwatsegulira bokosi lina lake. Mayiwo anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye akazi anzanga ndi amenewa? Koma ndiye ndi owonda." Kuyambira pamenepo ankagula mabotolo awiri, lawo ndi la akazi anzawo. Injiniya ankaseka limodzi ndi alendo chaka ndi chaka, koma sanafunsepo kuti bokosilo linali liti, ndiponso pentiyo ankapakidwa pa chiyani.

Anatulutsa kachitini m'chikwama n'kukaika pa tebulo. Tirezisita tinalira m'katimo.

A Mawaya anatsegula. Anayesa kutola kamodzi koma kanawapulumuka kawiri. Injiniya anakatola yekha, n'kukanda banga lakuda lija ndi chikhadabo. Mwaye ndi fumbi la zaka makumi atatu zinachoka, ndipo pansi pake panatuluka kufiira, komwe kuja ankakuona pa zala za mayi ake akamamumanga riboni. Zaka zisanu ndi zitatu zinali zitadutsa chiwaikireni m'manda, koma misozi inabwera ngati anamwalira dzulo.

"Ndinkayesa tinapsa," anatero.

"Dontho lofiira limatanthauza kuti usakhudze, funsa kaye."

"Mukanalemba pa pulani, bambo."

"Pamenepo ndinalakwa, mwanawe, sindikana. Pulani inkakhala yokiyidwa m'kabati ya bwana, ine ndinali ndi penti wa mayi ako. Ndinkaganiza kuti ndidzakhalapo mpaka kalekale, ndizidzawauza pakamwa." Anayang'ana manja awo. "Khala pansi bwino, ndikuuze zomwe ndinkafuna kukuuza tsiku lija."

Ananena pang'onopang'ono, chala chikujambula pa tebulo. Ndodo zija zili m'timapaipi tadothi, sizikhudza chitsulo chilichonse, choncho mawaya ake awiri amangoyandama, alibe pomwe agwira. Makina nawo, pakamwa pawo powerengera, amatulutsa kamphamvu kawo kakang'ono kofuna njira yobwerera. Kakasowa njira kamaunjikana pa waya mpaka makina amasokonezeka mutu. Ndiye pobwera mota ya fani ndi mawaya a magetsi a padenga, chilichonse chimangokankha mawayawo kumene chafuna.

"Ndi mbuzi yosamanga imeneyo," anatero. "Ukaimanga ndi chingwe chachifupi, waipha. Ukaisiya, ukaipeza m'munda mwa eni. Karezisita ndi chingwe chachitali. Sikaba kanthu pa zomwe ndodo ikunena, koma sikalola waya kusochera. Ndipo uziika tiwiri tofanana, waya uyu kake, uyu kake, kuti phokoso likabwera ligwere onse mofanana. Makina amawerenga kusiyana kwa awiriwo, ndiye chofanana sachiona."

"Nanga bwanji nthawi ya mvula zinkayenda?"

"Chinyontho chinkakugwirira ntchito ulere. Fumbi lonyowa linali chingwe chako, iwe n'kumati ndi nzeru zako."

Anaseka onse awiri, Injiniya akupukuta mphuno.

"Mizere yamitundu ya pa karezisita, yonena mlingo wake, ukuikumbukira?"

"Wabulawuni, wakuda, wachikasu."

"Eya, kusukulu kuja sikunapite pachabe."

A Mawaya analowa m'nyumba n'kubwera ndi kabotolo kakang'ono komwe ankakasunga m'dirowa ya makina osokera. Chitsekerero chinali chitamatirira, ndipo penti anali atauma gwa, atang'ambikang'ambika pansi. Anakagwedeza pafupi ndi khutu ngati mwina kangasinthe maganizo.

"Kasiyeni, bambo. Ndili ndi wanga."

Lachinayi anagula tirezisita tatsopano, chifukwa takale tija anali atatidula miyendo mofupikitsa kwambiri. Anatiyeza kamodzikamodzi n'kutiika tiwiritiwiri tofanana. Atayatsa chowotcherera, fungo la mtovu linakwera, lomwe lija linkatuluka mu ovolosi ya bambo ake akamafika kunyumba madzulo, ndipo anaima kaye pang'ono asanapitirize. Ndodo iliyonse ikalandira tiwiri take, mzere wake unkagona. Pomafika ya khumi ndi chiwiri, sikirini inali bata. Anayatsa fani dala, palibe chinagwedezeka.

Lachisanu a Manijala anabwera ndi mpando wawo n'kukhala patsogolo pa kompyuta. A Phulusa anayatsa moto atavala ovolosi yochapa, makiyi ali kale m'thumba lakumanja kuti asadzavutike kuwafuna. Mzere unakwera mosadumpha. Unakwera m'mawa wonse, unakwera masana, kenako unafika pamwamba pake n'kuyenda chogona. Injiniya anapita kukachotsa chitsekerero pa kachibowo kaja popanda kupempha chilolezo.

"Tasuzumirani, a Phulusa. Ndi zingati?"

Mkuluyo anaika diso. "Zikhale 1,180."

Pa sikirini panali 1,182.

A Manijala anaimirira akumwetulira. "Mwaona? Munthu akaopsezedwa amatha ntchito. Kalata ija yachiritsa maso. Muisunge bwino, a Phulusa, ikhale ikukukumbutsani."

Apa ndiye panali poyesa munthu. Makiyi anali atapulumuka, ng'anjo inali bwino, ndipo Injiniya akanangokhala chete palibe akanadziwa kanthu. Koma a Phulusa akanapita kukapuma ndi kalata ija m'chipewa, yonena kuti anaononga makapu ndi ukalamba wawo. Injiniya anatenga kachitini pawindo n'kukhuthula tirezisita takale pa tebulo la kompyuta.

"Kalata sinachiritse kanthu, bwana. Mzere unkavina chifukwa cha iti. Ndinatidula ineyo nthawi ya mvula, osafunsa. Dzulo ndaika tatsopano. Makina ananama chifukwa cha ine, ndipo Lolemba lija ine ndinanama nawo. A Phulusa sanalakwitsepo ndi tsiku limodzi lomwe."

A Manijala anayang'ana tinthu tija, anayang'ana Injiniya, n'kumasula tayi pang'ono. Mlandu wa makapu onse aja tsopano unali ndi mwini wake watsopano. Anatambasula dzanja kwa a Phulusa, ndipo mkuluyo anavula chipewa n'kutulutsa kalata yopindidwa kanayi, yonyowa ndi thukuta. A Manijala anaing'amba pakati.

"Pepani, akulu," anatero motsitsa mawu. Kenako anatembenuka. "Inu, Injiniya, Lolemba eyiti koloko muofesi mwanga."

"Ndidzabwera, bwana."

Atatuluka bwanayo, m'chipindamo munatsala mkokomo wa moto wokha. Injiniya ankachita mantha ndi Lolembalo, koma pachifuwa panali popepuka kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo. Anatambasula pulani pa tebulo n'kujambulapo tirezisita tonse makumi awiri ndi tinayi, n'kulemba pambali ntchito yake m'zilembo zazikulu. Kenako anatsegula bokosi la pakhoma n'kutulutsa kabotolo kake ka penti wofiira. A Phulusa anabwera kudzamugwirira chitseko.

"Wa mayi anu unali wofiira kuposa uyu," anatero.

"Munkadziwa za madonthowa?"

"Ndinkagwira chitseko chomwechi bambo anu akupaka. Ndipo tsiku munkadula lija ndinali nditaima apo, pafupi ndi mpope wa gasi. Ndinawerenga tikugwera m'kachitini, tonse makumi awiri ndi tinayi."

Injiniya anatembenuka, kaburashi kali m'mwamba.

"Ndiye bwanji simunanene, a Phulusa? Mukanachotsedwa ntchito!"

"Ntchito yake sindinkaidziwa, mwanangu. Ine ndimadziwa moto. Ndinkangodziwa kuti chofiira safuna kuchikhudza." Anapukuta nsidze ndi chala. "Komanso ndinaganiza kuti, bambo ake omubereka anapempha kuti amuonetse, anawayankha kuti zonse zili pa pulani. Nanji ine wa phulusa?"

Sananene mokwiya. Ananena ngati mmene ankanenera madigiri, ndipo monga mwa nthawi zonse sanaphonye. Injiniya anaviika kaburashi n'kukafikitsa pamsana pa karezisita koyamba. Dontholo linakula kuposa mmene ankafunira, chifukwa dzanja linkamunjenjemera ngati la bambo ake.